Kuphimba katundu m'pikapu si kumuika pamthunzi

Alimi ambiri akabwereka pikapu yopita kumsika amafuna ya kanope, kapena amamanga lona pamwamba pa katundu, poganiza kuti dzuwa lisamuombe. Maganizowo ndi abwino, koma kuphimba kopanda polowera mpweya kumatha kuononga katundu kuposa kumusiya poyera.

Dzuwa likaomba denga la kanope kapena lona, makamaka lakuda, kutenthako kumalowa m'kati n'kusowa potulukira. Pansi ndi chitsulo, ndipo kunsi kwake kumadutsa paipi ya utsi. M'galimoto yotsekedwa yoima padzuwa, kutentha kumatha kukwera ndi madigiri 20 pa ola limodzi, ndipo kwambiri kumakwera m'mphindi 30 zoyambirira. Tsono taganizirani mwezi wa Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene panja pokha pamafika madigiri 40. M'kati mwa kanope mumakhala ngati mu uvuni wa buledi.

Tomato ndi ndiwo zamasamba zimapuma ngakhale zitathyoledwa, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 zimaonongeka msanga kawiri kapena katatu. Mukavundukula lona mupeza m'kati mwake muli madontho a thukuta, mpiru wafota, tomato wapansi wafewa ndipo akutuluka madzi. Wogula amatsitsa mtengo pomwepo, inu mwalipira kale mayendedwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi katundu amene amaonongeka osaoneka. Katemera wa ziweto amafuna madigiri 2 mpaka 8. Ngakhale katemera wa chitopa wa I-2, amene amapirirako kutentha, sanapangidwe kuti aziphikidwa kumbuyo kwa galimoto. Inokulanti ya soya, yosakaniza ndi mbewu pobzala, ndi tizilombo tamoyo, ndipo tikapsa timafa, koma paketi imaoneka bwinobwino. Mlimi amatemera nkhuku zake, zimafabe, ndiye amayamba kunena kuti katemera ndi wabodza. Katemera ndi inokulanti ziikeni mu kula bokosi (bokosi losunga zinthu zozizira), mukhale nazo kutsogolo.

Anapiye a tsiku limodzi mukawaona ayasamula kukamwa ndi kutambasula mapiko, atenthedwa kale, tsegulani msanga.

Pakirani m'bandakucha kapena madzulo. Yalani udzu wouma, mphasa kapena matabwa pansi kuti katundu asagunde chitsulo. Lona likhale loyera ngati lilipo, ndipo likwezedwe pa timitengo kuti pakhale mpata pakati pa ilo ndi katundu, kutsogolo ndi kumbuyo kotsegula. Pa masamba yalani masaka onyowa. Mazenera a kanope akhale otsegula.

Ngozi yaikulu ili poima, chifukwa mphepo imaleka kulowa. Adalaivala akati adye kaye nsima, apempheni aimike pansi pa mtengo ndipo atsegule chitseko chakumbuyo. Mwana, mbuzi kapena nkhumba zisatsale m'menemo ngakhale kwa kanthawi kochepa. Nkhumba ndiye imafa msanga chifukwa simatha kudziziziritsa ndi thukuta.