Mmene mungaionere mbalame ya Thyolo alethe ku Mulanje

Ine ndimanyamuka tambala woyamba atangolira, kuti ndikalowe m'nkhalango ya ku Ruo mame asanaume. Nanunso lawirirani, ndipo malaya owala asiyeni kunyumba.

Musavutike kuyang'ana kunsonga kwa mitengo. Maso akhale pansi, muzifunafuna linthumbu. Mbalameyi imalondola mzere wa linthumbu n'kumatola tizilombo tomwe tikuthawa m'masamba ouma. Mukaupeza mzerewo, pisani miyendo ya buluku m'masokosi chifukwa linthumbu limaluma zedi, kenaka bwererani m'mbuyo pang'ono, mubisale kuseri kwa mtengo, muli zii. Dikirani, ngakhale ola lathunthu. Idzatera pakanthambi ka m'munsi. Msana wake ndi wofiirira, pakhosi pali mbee, ndipo ikatambasula mchira mudzaona nsonga zoyera. Tsiku loyamba kuiona, mtima unandigunda kwambiri.

Chonde musamaiitane ndi nyimbo yake ya pafoni, mumangoisokoneza.

Dzina lake linachokera ku Thyolo, koma nkhalango ya paphiri la Thyolo anthu anaigwetsa n'kulimamo. Zimandiwawa. Kunja kwa Malawi imapezeka m'mapiri ochepa a ku Mozambique, monga Namuli ndi Mabu.