Kawerengedwe ka box score ya baseball, tiyesere pa gemu ya Larsen ya 1956

Zipewa za NY zangoti mbwee mu Mzuzu muno, ku Taifa, pa Katoto, anyamata akabaza ku Chibavi, koma ambiri sadziwa kuti chizindikiro chija ncha timu ya baseball, New York Yankees. Ndiye ngati mukufuna kuwamvetsa masewerawa musathamangire mavidiyo kaye, bandulo ingothera pachabe, yambani ndi box score, katebulo ka manambala kamene amalemba gemu ikatha. Sakani gemu ya pa 8 October 1956, Yankees ndi Brooklyn Dodgers, gemu yachisanu ya World Series, fainolo ya ligi yaikulu ya baseball ku America, pa Yankee Stadium.

Poyamba onani mzere wapamwamba uja. Gemu imakhala ndi ma inning 9, ndipo mu inning iliyonse timu imamenya mpaka anyamata ake atatu atatulutsidwa, kenako nkusinthana. Kumapeto kwa mzerewo kuli R, H ndi E. R ndi ma run, zigoli tinene, pamene wosewera wazungulira ma base onse nkubwerera kunyumba, pamalo pomenyera, H ndi pamene womenya wamenya bwino nkufika pa base, E ndi zophonya za ogwira mpira. Yankees 2, 5, 0. Dodgers 0, 0, 0. Pa inning ya 9 ya Yankees mupeza X kapena pali gwaa popanda kanthu, musadabwe, eni bwalo akakhala kuti akutsogola samenyanso.

Tsikani kwa omenya. AB ndi maulendo amene munthu wayima kuti amenye, koma ena sawerengedwa, monga akapita pa base ulere, RBI ndi ma run amene walowetsa ndi kumenya kwake. Apa mpamene anthu amasokonezeka. Mickey Mantle wa Yankees anamenya home run mu inning ya 4, kumenya kozungulira nako ma base onse ulendo umodzi, ndiye R ndi yake, RBI ndi yakenso chifukwa anadzilowetsa yekha. Koma mu inning ya 6 anamenya ndi Hank Bauer, wofika kunyumba nkukhala Andy Carey, ndiye RBI mukaipeza kwa Bauer, R kwa Carey.

Tsopano phatikizani ma AB onse a Dodgers. Mupeza 27. Ma inning 9, anthu atatuatatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anaponda pa base yoyamba, abale, timu imene munali Jackie Robinson, Duke Snider ndi Roy Campanella!

Kunsi kwenikweni kuli oponya. Don Larsen wa Yankees: IP 9, ndiwo ma inning amene anaponya, H 0, R 0, BB 0, SO 7. BB ndi pamene woponya waponya zopotoka kanayi womenya nkupita pa base ulere, SO ndi amene wawatulutsa ndi ma strike atatu, mipira imene womenya waiphonya kapena yabwino imene waisiya. Musathamangire kunena kuti perfect game, gemu yoti palibe wofika pa base ngati iyi, mukangoona H 0 ayi, onaninso BB, E, komanso ngati wina sanagendedwe ndi mpira, chimodzi chikafikitsa munthu pa base imeneyo ndi no-hitter chabe, gemu yopanda H basi. Larsen anaponya mipira 97 yokha, ndipo mpaka pano mu World Series palibenso wina anaponyapo perfect game.

Ine amandimvetsa chisoni ndi Sal Maglie wa Dodgers, onani mzere wake, IP 8, H 5, R 2, ntchito yabwino ndithu yoti tsiku lina akanawina nayo, koma amamukumbuka ndani.

Chimene katebuloka sikangakuonetseni ndi mmene Mantle anathamangira kukawakha mpira wa Gil Hodges mu inning ya 5, mmenemo angolemba kuti Hodges anatuluka basi. Pamenepo ndiye gulani kabandulo mukaonere pa YouTube, pamodzi ndi mpira womaliza kwa Dale Mitchell wa Dodgers, Yogi Berra, wowakha mipira ya Larsen, akumudumphira.