Momwe mungaonere ma cookie osungidwa mu laputopu ya kalabu

M'makalabu ena a alimi a tiyi kuno ku Mulanje, kuyambira ku Chitakale mpaka ku Limbuli, laputopu imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi mlembi, msungichuma ndi wapampando, ndipo mwana wa mlembi amaibwerekanso madzulo. Mwezi wathawu ndinayatsa laputopu yotere pofuna kuona mndandanda wa mamembala, ndipo Gmail ya msungichuma inangotseguka yokha popanda kufunsa pasiwedi. Chimene chinaitsegula ndi cookie, ndipo zimenezi zinandidetsa nkhawa kwambiri.

Cookie ndi kauthenga kakang'ono, ka mabayiti pafupifupi 4,096 kakakulitsitsa, kamene webusaiti imasiya mu browser yanu (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, monga Chrome, Edge kapena Firefox) kuti idzakuzindikireni mukabweranso. Njirayi anaiyambitsa Lou Montulli wa kampani ya Netscape mu 1994. Kauthengaka kali ngati chiphaso chimene mlimi amalandira akayezetsa masamba pa sikelo, chifukwa aliyense amene wachinyamula amaoneka ngati mwini wake.

Kuti muone ma cookie mu Chrome kapena Edge, tsegulani webusaiti imene mukufuna ndi kudina F12. Pa malaputopu ambiri batanili lili ndi ntchito ziwiri, choncho likapanda kuyankha lidineni pamodzi ndi Fn. Pa zenera limene latseguka sankhani Application, kenaka kumanzere dinani Cookies, ndipo mudzaona dzina la cookie aliyense, webusaiti imene inamusiya ndi tsiku limene adzathe ntchito. Amene pamalo pa tsikulo alembedwa kuti Session kawirikawiri amafufutika mukatseka browser, koma ena amakhala miyezi yambiri, ndipo amenewo ndi amene amatsegulira akaunti munthu wina. Mu Firefox mndandanda womwewu uli pansi pa Storage. Ngati mukufuna kuona mawebusaiti onse amene asiya zinthu mu Chrome, lembani chrome://settings/content/all pamalo polemba adiresi.

Pa Windows, ma cookie a Chrome amakhala mu fayilo yobisika mkati mwa foda ya AppData, koma sindikulangizani kuifufuza, chifukwa zolembedwamo nzobisidwa ndipo simungaziwerenge.

Mfundo imene ndikuiumirira ndi iyi: zilembo zazitali zimene zili pansi pa mawu akuti Value mu mndandanda wa ma cookie uja musazijambule kapena kuzitumiza kwa munthu pa WhatsApp, ngakhale atanena kuti akufuna kukukonzerani akaunti, chifukwa nazo angathe kulowa ngati inu nomwe.

Mukafuna kufufuta ma cookie, yambani mwatuluka mu akaunti iliyonse, kenaka dinani Ctrl, Shift ndi Delete pamodzi, musankhe ma cookie ndi nthawi yonse (All time). Onetsetsani kaye kuti aliyense akukumbukira pasiwedi yake, popeza mawebusaiti adzaifunsanso. Mukatero mutsegulire mlembi, msungichuma ndi wapampando aliyense akaunti yakeyake ya Windows, kuti ma cookie a mmodzi asamapezeke kwa mnzake.