Kuphika Nyemba ndi Nthangala za Kalonji

Mwafunsa za mmene mungathirire m'ndiwo nthangala zakuda za kalonji, zomwe ku India amaziwaza pa buledi wa naan. Choyamba, kazingani theka la supuni yaing'ono pa chiwaya chouma, pamoto wochepa, mpaka fungo litayamba kutuluka, koma musalole kuti zipserere chifukwa zikatero zimawawa kwambiri. Kenako zisinjeni pang'ono m'kamtondo, muziponye m'mafuta otentha pamodzi ndi anyezi, ndipo anyeziyo akafiira muthire matimati ndi nyemba zowiritsa kale. Nthangalazi zili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa thymoquinone, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti zimatsitsako shuga m'magazi komanso kuthamanga kwa magazi, choncho amene akumwa mankhwala a matendawa ayambe afunsa dokotala asanazolowere kuzidya tsiku lililonse.