Momwe mungafunsire malo ku CEPT University ku India osadzera kwa dobadoba

Chibwerereni ku India, anzanga ojambula mapulani a nyumba sakundipatsa mpata pa WhatsApp, onse funso ndi limodzi: kodi malo unawapeza bwanji? Ndiye ndalemba kamodzi kuti aliyense adziwerengere. Ine ndinafunsira digiri yachiwiri nditamaliza yoyamba konkuno, choncho zomwe ndikunenazi zikukhudza kwambiri ofuna masters. Ndinafunsira kawiri. Koyamba ndinagwa nayo, ndipo chifukwa chake muchimva.

Choyamba, dziwani kumene mukupita

CEPT University ili mumzinda wa Ahmedabad, m'chigawo cha Gujarat, komwenso kunachokera makolo a amwenye ambiri amene timagula nawo zinthu ku Limbe ndi ku Area 2. Si yaboma. Inayamba mu 1962 ngati sukulu ya architecture, ndipo mmodzi mwa oyambitsa anali Balkrishna Doshi, yemwe anagwirapo ntchito ndi Le Corbusier, katswiri wotchuka wojambula nyumba, ku Paris. Doshi ndi mmwenye woyamba kulandira Pritzker, mphoto yapamwamba ya ojambula nyumba, mu 2018, ndipo anamwalira mu January 2023. Nyumba yoyamba ya sukuluyi anajambula yekha: njerwa zosapaka pulasitala, konkire yosapenta, pansi pake potseguka moti mphepo imangodutsa.

Pali nthambi zisanu: Architecture, Planning, Technology, Design ndi Management. Apa ena amasokera. Akamva Management amaganiza za bizinesi wamba, akawunti ndi zamalonda. Ayi ndithu. Kumeneko amaphunzitsa kayendetsedwe ka mizinda ndi ntchito zake, monga madzi, zinyalala ndi nyumba. Ngati mukufuna MBA, pafupi pomwepo pali IIM Ahmedabad, koma ndi sukulu ina, khomo lakenso ndi lina.

Musanalembe kalikonse, lowani pa webusaiti yawo muone ntchito za ophunzira. Ma studio awo, kutanthauza makalasi ojambulira mapulojekiti, amaika ntchito poyera semesita ikatha. Khalanipo madzulo awiri kapena atatu, bandulo isakuwaweni. Mudzaona nokha ngati zanu zikufanako.

Chachiwiri, mapepala

Transcript kaitanitseni msanga kusukulu kwanu, chifukwa zinthu izi sizituluka tsiku limodzi. Dzina likhale lofanana pa pasipoti, pa satifiketi ya MSCE ndi pa digiri. Ngati kwina munalemba dzina la ubatizo kwina la kumudzi, konzani ndi affidavit kwa loya nthawi ikadalipo. Za pasipoti sindinenapo, nonse mukudziwa kuti siyofunsira mawa ndi mawa. Nkhani yoti maphunziro akunja akufanana ndi ati a ku India inkadzera ku bungwe la Association of Indian Universities, ndiye lemberani ofesi yolandira ophunzira muwafunse ngati pulogalamu yanuyo ikufuna kalata yotsimikizira zimenezo.

Chachitatu, portfolio (buku loonetsa ntchito zanu). Apa ndi pomwe ndinapsa

Chaka choyamba ndinachita mantha ndi ntchito zanga. Ndinali ndi mapulani a nyumba zogona zitatu, ka tchalitchi kamodzi ka kumudzi, ndi pulojekiti ya chaka chomaliza ya msika. Ndikaziyerekeza ndi zomwe ndinkaona pa intaneti, zinkaoneka zachimidzi. Mnzanga wina anandilozera kwa mkulu wina m'tauni, wa kaofesi ka pamwamba pa shopu ya mafoni, amene amati amatumiza ana ku India chaka chilichonse. Pakhoma anamata mbendera zamayiko ndi zithunzi za anthu ovala magauni. Ananditcha K180,000, theka patsogolo.

Patatha sabata ziwiri anandipatsa PDF ya masamba 40. Kukongola kwake! Nyumba zagalasi zosanjikizana, dzuwa likulowa kuseri, azungu akuyenda ndi agalu pa kapinga. Zanga zinalimo masamba asanu ndi limodzi okha, kumapeto. Ndinafunsa kuti nanga zinazi nzandani? Iye anati, "Achimwene, aliyense amatero, iwo amangoona kukongola." Ine ndi mtima wofuna ulendo ndinangoti chabwino.

Tsiku locheza ndi aphunzitsi a ku CEPT pa intaneti linafika. Ndinabwereka ofesi ya mlamu wanga chifukwa kuli jenereta, ndinavala jekete pamwamba, pansi kabudula. Mphunzitsi wina anatsegula tsamba 12 nkundifunsa kuti denga lalikululi lagona pa chiyani, popeza sakuona mzati. Ndinayang'ana chithunzicho ngati ndikuchiona koyamba, ndipo zoona zake kanali kachiwiri. Ndinayamba kulankhula za kuwala kwa dzuwa. Anandisiya ndimalize, kenaka anati tipite ku tsamba la msika. Pamenepo ndinamasuka, ndinafotokoza chifukwa chomwe ndinaika ogulitsa usipa kumunsi kwa mphepo, ndi momwe ngalande imachotsera madzi a mvula ya January. Koma madzi anali atatayika kale. Sananditukwane, sanandinyoze. Kalata yokana inangobwera. Mkulu wa kaofesi uja nditamuimbira anati vuto ndi Chingerezi changa, ndipo theka lotsala ankalifunabe.

Chaka chachiwiri ndinapanga ndekha, masamba 18. Ndinaika mapulojekiti anayi okha. Pa iliyonse ndinayamba ndi vuto lomwe ndinkathetsa, kenaka zojambula zapamanja zoyambirira, zija zokhwatchakhwatcha za m'kope, kenaka plan ndi section (chojambula choonetsa nyumba ngati yadulidwa pakati) zokhala ndi sikelo ndi muvi wa kumpoto, pomaliza chithunzi cha chomwe chinamangidwa. Section musaisiye, chifukwa ndi imene imaulula ngati munthu amadziwa momwe nyumba imaimira. Tchalitchi chija ndinkachita nacho manyazi ndi chomwe chinatenga nthawi yambiri pocheza: ankafuna kudziwa za njerwa zootcha, chifukwa chake tikusiya kuotcha ndi nkhuni nkuyamba mabuloko a simenti, komanso momwe tinatchingira chiswe. Zomwe kwa ife nzachabechabe, kwa iwo inali nkhani.

Pa ntchito yomwe munagwira ndi anzanu kapena ya kuofesi, lembani poyera kuti mbali yanu inali iti, ndipo bwana wanu mumupemphe chilolezo. Zojambula zapamanja kapangitseni scan pa 300 dpi, osati kujambula ndi foni mutagoneka pepala pa mphasa, mthunzi wa dzanja ukuoneka. Pa shopu imirirani pompo mpaka amalize. Ena amachepetsa fayilo kuti ilowe pa WhatsApp, mizere yonse nkusanduka phala, koma ndalama amalandira yonse. Tengani flash yanu. Kukula kwa fayilo ndi chiwerengero cha masamba tsatirani zomwe pulogalamu yanu yalemba chaka chimenecho, osati zomwe ndinachita ine.

Kalata yofotokoza cholinga chanu ikhale tsamba limodzi. Musayambe ndi zoti kuyambira muli mwana munkakonda kujambula. Tchulani vuto lenileni, kaya ndi nyumba za ku Ndirande zomangidwa m'mphepete mwa phiri, kaya ndi zomwe namondwe Freddy anagumula mu 2023, ndipo munene studio yomwe mukuifuna.

Chachinayi, ndalama

Fomu imadzazidwa pa intaneti, palibe chovuta. Chovuta ndi forex. Fizi onani pa webusaiti yawo, ya ophunzira akunja imakhala payokha. Mukangolandira kalata ya malo ndi invoice, thamangirani kubanki tsiku lomwelo mukalowe pamzere, chifukwa kudikira kwake simungakudziwe. Wina akakuuzani kuti mumupatse makwacha iye ali ndi mbale wake ku Mumbai amene alipire mu rupee, kanani. Risiti ikapanda kutuluka m'dzina lanu mudzalira nokha.

Zotsala

Viza ya ophunzira imadzera ku Indian High Commission ku Lilongwe, mutenge kalata ya malo ndi umboni wa ndalama. Ndege ndi ya Ethiopian kudzera ku Addis Ababa kapena Kenya Airways kudzera ku Nairobi mpaka Mumbai, kuchoka apo sitima kapena ndege ina. Khadi lachikasu la yellow fever likhale m'chikwama. Mukafika kalembetseni ku FRRO, ofesi yolembetsa alendo akunja, masiku 14 asanathe, zimachitikira pa intaneti.

Kutentha kwa mwezi wa May kumapitirira madigiri 40, Nsanje ya mu October imachepa. Mowa ndi woletsedwa m'chigawo cha Gujarat, ndipo malo ambiri odyera saphika nyama, ndiye zolowerani roti (chapati) ndi dal (ndiwo za mtundu wa nyemba). Pobwerera, digiri kaionetseni ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba kuno, ndipo za kulembetsa ngati architect kafunseni ku Board of Architects and Quantity Surveyors musanasindikize makhadi a bizinesi.