Momwe mungadziwire mtunda ndi nthawi ya ulendo wa pandege pakati pa mayiko awiri

Anthu ambiri akaona nthawi yonyamukira ndi yofikira pa tikiti amangochotsera ina pa inzake, n'kuganiza kuti apeza kutalika kwa ulendo wawo. Kawirikawiri yankho lotere limakhala lolakwika, ndipo limasokoneza amene akukudikirani kumene mukupitako.

Choyamba, dziwani mabwalo enieni a ndege, osati mayina a mizinda okha. Bungwe la makampani a ndege padziko lonse lotchedwa IATA linapatsa bwalo lililonse chizindikiro cha zilembo zitatu, ndipo mzinda umodzi ukhoza kukhala ndi mabwalo angapo. Ku London kuli Heathrow (LHR), Gatwick (LGW) ndi ena, pamene ku New York bwalo lotchuka ndi JFK.

Kenako pezani mtunda polemba zizindikiro ziwirizo pa tsamba la intaneti lowerengera mtunda, monga Great Circle Mapper. Musayeze ndi rula pa mapu, chifukwa dziko lapansi ndi lobulungira, choncho njira yachidule kwambiri imaoneka yokhota ikajambulidwa papepala. Kuchokera ku Heathrow kufika ku JFK ndi makilomita pafupifupi 5,550. Ngati tsambalo lapereka mtunda mu nautical mile, chulukitsani ndi 1.852 kuti mupeze makilomita.

Mukatero gawani mtundawo ndi liwiro la ndege. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimayenda makilomita 800 mpaka 900 pa ola zikafika m'mwamba, ndiye 5,550 kugawa ndi 850 kukupatsani maola asanu ndi limodzi ndi theka. Onjezerani mphindi 30 kapena kuposerapo, pakuti ndege imayenda kaye pang'onopang'ono pabwalo, imadikira chilolezo chonyamuka, komanso imachepetsa liwiro ikamatsika.

Mphepo nayo ili ndi gawo lalikulu. M'mwamba momwe ndege zimadutsa pamwamba pa nyanja ya Atlantic mumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo kupita kum'mawa, yotchedwa jet stream. Ndi chifukwa chake ulendo wochokera ku London kupita ku New York umatenga pafupifupi maola asanu ndi atatu, pomwe wobwerera umatenga pafupifupi asanu ndi awiri, ngakhale mabwalo ndi omwewo.

Pamene pafunika kusamala kwambiri ndi pa kusiyana kwa nthawi. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya kumalo komwe bwalolo lili. New York ili m'mbuyo ndi maola asanu poyerekeza ndi London, kotero ndege yonyamuka 10:00 m'mawa n'kutera 13:00 masana sinayende maola atatu, yayenda asanu ndi atatu. Njira yodalirika ndi kusintha nthawi zonse ziwiri kuti zikhale za UTC, yomwe ndi nthawi imodzi imene dziko lonse limayezerapo nthawi zake, musanachotsere. Onaninso deti la ulendo, chifukwa mayiko a Britain ndi America amasuntha mawotchi awo ndi ola limodzi pa masiku osiyana, ndipo kwa masabata ochepa m'mwezi wa Marichi kusiyanako kumatsika kufika pa maola anayi.

Ngati mudzasintha ndege panjira, werengerani chigawo chilichonse pachokha, kenako muphatikize maola odikira pa bwalo lapakatilo. Ine ndimalangiza kusankha tikiti yopereka maola osachepera awiri pamalo osinthirawo, popeza ndege yoyamba ikachedwa pang'ono, yachiwiri siidzakudikirani.