Momwe mungasankhire ndi kusamalira petulo wa injini ya boti

Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje maboti a injini ndi owerengeka. Angapo amayenda pa madamu a m'maesiteti a tiyi, ena amangokhala m'galaja kudikira Isitala kapena Khirisimasi, eni ake akawakoke pangolo kupita ku Liwonde, ku Mangochi kapena ku Cape Maclear. Kukhalako ndiye kumabala mavuto. Mainjini ambiri amene amafika pabenchi yanga kuno ku Luchenza sanathe ndi ntchito ayi, anaphedwa ndi petulo wogonera.

Disembala wina bambo wina anandibweretsera kainjini ka 15 hp (hp ndi muyeso wa mphamvu ya injini) kutatsala masiku awiri kuti anyamuke ndi banja. "Amakaniko, tinakasiya kali bwinobwino pa Isitala, lero chingwe ndakoka mpaka phewa lachita kuwawa." Nditamasula kambale ka pansi pa kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, ndinapezamo zobiriwira zonga phala la dzana. Jeti, kachitsulo ka kabowo kakang'ono kodutsa petulo, ndinaiyang'ana padzuwa, kuwala osadutsa. Fungo lake silinali la petulo, linali la vanishi. Tsatirani izi kuti zisakuonekereni.

1. Dziwani kaye injini yanu

Funso loyamba: ndi ya two-stroke kapena ya four-stroke? Ya four-stroke ili ndi posungira oyilo pake ndi kamtengo koyezera ngati galimoto, ndipo imamwa petulo yekhayekha. Ya two-stroke, imene asodzi ambiri kunyanja amagwiritsa ntchito, imafuna oyilo wosakaniza m'petulo, kupatula zina zokhala ndi kathanki kakekake ka oyilo zimene zimasakaniza zokha. Mlingo wosakanizira umalembedwa m'buku la injini, nthawi zina pa kapepala komatidwa pachivindikiro. Ujambuleni pa foni.

2. Dziwani petulo wa kuno

Pa mapampu athu ambiri petulo ndi wa mtundu umodzi, sitisankha pakati pa wa octane 93 ndi 95 (nambala yosonyeza mmene petulo amapewera kugogoda kwa injini) ngati ku South Africa. Nkhani yagona pa ethanol, mtundu wa spiriti wosakaniza m'petulo. Dziko lino linayamba kusakaniza ethanol m'petulo mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo pambuyo pake kunabwera PressCane ya ku Chikwawa. Onsewa amafulula kuchokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga. Mlingo umene boma linakhazikitsa ndi magawo 20 pa 100 alionse, ngakhale kuti wofika pa pampu umasinthasintha malinga ndi kupezeka kwa ethanol. Koma makampani opanga mainjini a maboti, monga Yamaha, Mercury ndi Suzuki, amavomereza ethanol wosapitirira magawo 10.

M'galimoto yoyenda tsiku lililonse palibe chodandaulitsa kwenikweni, petulo amatha asanakalambe. Boti ndi lina. Ethanol amakonda madzi, amakoka chinyontho cha mumpweya. Tsono taganizirani thanki yotsala theka ili m'galaja kunsi kwa phiri la Mulanje, mvula ya Januwale ikudutsa, kenako chiperoni cha Juni ndi Julayi, nkhungu yochita kunyowetsa zovala pachingwe. Masana mpweya wa m'thanki umatuluka ndi kutentha, usiku umalowa wina wachinyontho. Madzi akachuluka, ethanol amagwirana nawo n'kusiyana ndi petulo, n'kukakhazikika pansi. Paipi yokoka mafuta imayamwa pansi pomwepo. Injini imayamba kumwa madzi osakanikirana ndi ethanol, ndipo ngati ndi ya two-stroke, m'madzi amenewo mulibe oyilo. Ethanol yemweyo amaumitsanso mapaipi akale a labala ndi kusuwula utoto ndi litsiro la m'thanki, zonse n'kukathera mu jeti.

3. Gulani watsopano, pamalo odziwika

Musanyamule petulo wa mwezi watha. Gulani tsiku la ulendo kapena dzulo lake, pamalo omwetsera mafuta pamene galimoto sizidukiza. Ngati mukupita kunyanja, kuthira ku Liwonde kapena ku Mangochi kuli bwino kuposa kuyenda ndi zigubu zodzadza kuchokera kuno. Kumbukirani kuti mafuta akamasowa bungwe la MERA, loyang'anira za mafuta ndi magetsi, limakhwimitsa zogula m'zigubu, choncho funsiranitu pa filingi musanafike ndi thanki m'manja.

Za petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza ndinena mosabisa: akabaza angapulumukirepo, koma ine m'boti sindithira. Sudziwa wagona masiku angati padzuwa, sudziwa ngati wawonjezeredwa parafini. Njinga yamoto ikazima umaikankha. Boti likazima pakati pa nyanja mwera ukuyamba, ukankha chiyani?

Chigubu chikhale chopangidwira petulo, chachitsulo kapena cha pulasitiki yolimba, nthawi zambiri chofiira. Zachikasu zija za mafuta ophikira n'zotungira madzi.

4. Muyeseni musanathire

Thirani pang'ono m'botolo lagalasi loyera ndi louma, mulisiye mphindi khumi. Petulo wabwino amaoneka mbee, mpaka mutha kuwerenga nyuzipepala kuseri kwa botolo. Wachimbuuzi wamwa madzi. Mukaona timadontho tikugudubuzika pansi kapena mzere wogawa pawiri, musamuthire. Donthezaninso papepala loyera: petulo amauma osasiya kanthu, wa parafini amasiya banga lamafuta.

Ofuna kudziwa kuchuluka kwa ethanol, pezani botolo lokhala ndi mizere ya mamililita. Thirani madzi kufika pa 20, onjezani petulo kufika pa 120, tsekani, khutchumulani, dikirani. Madzi amalanda ethanol yense n'kutsika naye. Mzere wapansi ukakwera kufika cha pa 30, ethanol ali pafupifupi magawo 10. Ukafika cha pa 40, ali pafupi ndi 20. Zikatero yesani filingi ina, ndipo ngati palibe kochitira, mugwiritseni ntchito tsiku lomwelo osamusunga. Ena amati achotseretu ethanol ndi madzi mwa njira yomweyi. Musatero, petulo wotsalayo mphamvu yake ya octane imatsika ndipo injini imagogoda.

5. Sakanizani ndi muyeso, osati ndi maso

Apa n'pamene ambiri amadzidalira. Mainjini ambiri a two-stroke amafuna 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo. Pa malita 5 ndi mamililita 100, pa malita 12 ndi 240, pa thanki ya malita 25 ndi theka la lita. Injini yatsopano kapena yongokonzedwa kumene mkati imafuna oyilo wochulukirapo, kawirikawiri 25:1 pa maola khumi oyamba, koma buku lake ndilo ligamule.

Oyilo wake akhale wolembedwa TC-W3 pabotolo. Ameneyo ndiye wa injini zoziziritsidwa ndi madzi. Oyilo wa 2T wa njinga zamoto ndi makina ochekera mitengo anapangidwira injini zotentha kwambiri zoziziritsidwa ndi mphepo, ndipo m'boti amasiya phulusa pa mapulagi ndi pa pisitoni. Oyilo wa galimoto ndiye musayerekeze.

Thirani petulo pang'ono m'thanki, kenako oyilo yense, khutchumulani, mumalize ndi petulo wotsalayo. Mukachepetsa oyilo pisitoni imagwira, mukachulutsa ndi chiutsi ndi mapulagi akuda bii. Ine ndimamangirira kansalu pachogwirira cha thanki yosakaniza kale, chifukwa pagombe anthu amachuluka ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake wathira.

6. Werengerani ulendo

Injini ikamathamanga mothera, ya 15 hp imamwa malita 6 kapena 7 pa ola, ya 40 hp malita 15 kapena kuposerapo, makamaka ya two-stroke. Mukabweza moto pang'ono, kumwako kumatsika kwambiri. Gawani petulo wanu patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu osalikhudza. Pa nyanja ya Malawi mwera wa miyezi yozizira umatha kukupezani pobwerera, mafunde n'kumakudyerani mafuta. Pa Shire mukatsika ndi madzi mudzakwera molimbana nawo, osanena za namasupuni wokola pulopela. Nkhafi zikhale m'boti nthawi zonse.

7. Pothira ndi poliza

Tulutsani thanki m'boti, muiike pansi, injini itazima, osuta fodya ndi owotcha nsomba ali kutali. Mpweya wa petulo ndi wolemera, umatsikira pansi pa boti n'kukhala pomwepo kudikira kamoto. Gwiritsani ntchito fanelo ya sefa, ndipo musadzadze mpaka pakamwa chifukwa petulo amafufuma padzuwa. Masulani kawononga kopumira ka pachitsekero. Mukakaiwala, injini imayenda pang'ono n'kuzima, thanki itafwapa. Finyani kapampu ka papaipi mpaka kalimbe, kamuvi kake kataloza ku injini. Ngati kauma gwaa ngati mwala musanakafinye kapena kachita ming'alu, gulani paipi yonse yatsopano yolembedwa kuti imapirira ethanol. Amene angakwanitse aike sefa yolekanitsa madzi pakati pa thanki ndi injini, ya kambale koonekera mkati, n'kumakhutula madziwo ulendo uliwonse.

8. Mukabwerako

Gawo limeneli ndi limene bambo aja analidumpha. Pa injini ya kabuleta imodzi, boti likadali m'madzi, zulani paipi ya mafuta injini ikulira pang'onopang'ono mpaka izime yokha. Osailiza pamtunda popanda madzi, kampira kopopa madzi oziziritsa kamapsa m'kanthawi kochepa. Mukafika kunyumba masulani kawononga kokhutulira ka pansi pa kabuleta, totsalira tituluke pansanza. Injini ya fuel injection, yopopera mafuta popanda kabuleta, siyoumitsa choncho, imeneyo tsatirani buku lake.

Thanki yonyamula ikhutuleni, iume, muitseke pamodzi ndi kopumira komwe, muisunge pamthunzi kutali ndi mbaula. Petulo wosasakaniza ndi oyilo wotsala thirani m'galimoto sabata yomweyo. Wosakaniza ndi oyilo asapitirire mwezi, n'chifukwa chake ndi bwino kusakaniza wokwanira tsikulo basi. Ngati thanki ndi yomangiridwa m'boti, idzazeni pafupifupi yonse kuti mpweya uchepe, muthire mankhwala osungitsa petulo otchedwa fuel stabilizer, mulize injini mphindi khumi ili pamadzi kuti mankhwalawo afike monse. Petulo woonongeka musamutaye mu Ruo, mu Thuchila kapena m'ngalande, anthu akumwa madzi omwewo kumunsiku. Muikeni m'chigubu cholembedwa bwino mupite naye kwa makaniko.

Kutatsala sabata ziwiri kuti munyamuke, ikani mwendo wa injini m'mgolo wa madzi, muilize. Bambo aja chaka chotsatira anachita zimenezo kumayambiriro kwa Disembala, ndipo anangobwera kudzagula mapulagi awiri.